Nkhope Zinayi za Injiniya

Ine ndine telala. Kwa zaka zambiri shopu yanga inagundana khoma ndi studiyo ya mayi amene msewu wonse unkawatchula kuti a Makaka. Tinali m'nyumba imodzi yaitali, khonde limodzi, chimbudzi chimodzi kuseri chomwe kiyi wake ankasunga ndi wometa. Khoma lotilekanitsa linali la mabolodi, moti iwo akayetsemula ine ndinkati pepani. Zimene ndikunenazi zambiri ndinaziona ndi maso, zina ndinazimvera pakhomapo.

Studiyoyo poyamba sinali yawo. Inali ya amuna awo, bambo wamfupi wa mawu aakulu, wojambula zithunzi za maukwati ndi za ziphaso. Mayiwo ntchito yawo inali kusesa, kudula tizithunzi ndi sizasi, ndi kunyengerera ana olira kuti ayang'ane kutsogolo. Kamera sankaigwira. Bamboyo ankati mkazi wake ali ndi manja a sopo, angaigwetse. Atagula kompyuta anandisoketsa nsalu yoiphimbira, ndipo woivundukula anali iye yekha.

Tsiku lina bamboyo anagwa ali mkati mojambula, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anagona pabedi nthawi yaitali, kenaka anatisiya. Abale ake atabwera kudzaona katundu anatenga kamera yaikulu ndi njinga yamoto. Kompyuta anaisiya chifukwa tsiku limenelo inakana kuyaka. Patapita nthawi mayiwo anandinong'oneza, akuseka, kuti mwana wawo anali atazula kachingwe kena mkati mwake alendowo ali panjira.

Ana anali awiri. Wamkazi, wamng'ono, tinkangomuti Mzime. Wamwamuna, woyamba, tinkamuti Injiniya, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankamasula wailesi iliyonse imene yamuyandikira, ndipo atakula anapitadi kusukulu ya zamagetsi. Anali wamtali, wowonda, wolankhula motsitsa. Ndiye amene anaphunzitsa mayi ake kompyuta. Ndinkawamva pakhoma.

"Amayi, musaiope, siluma. Dinani apa."

"Ndadina, zonse zathawa."

"Sizinathawe, zabisala pansipo. Gwirani mausi bwinobwino, mukuigwira ngati mukufinya chovala."

Nthawi imeneyo ntchito ya zithunzi inali itayamba kufa. Aliyense anali ndi foni, aliyense anali wojambula. Panali masiku oti a Makaka ankatsegula, kusesa, kukhala, madzulo n'kutseka osalowa munthu. Chinawadzutsa ndi mtsikana wina amene anabwera ndi chithunzi cha woimba pa foni, nkhope yopakidwa mitundu ngati chikwangwani cha sopo, n'kufunsa ngati iyenso angamupange chomwecho. Mayi ndi mwana anakhalira kompyuta ija mpaka anazitulukira.

Ndinkakonda kuima pakhomo pawo, singano ili kukamwa, n'kumaonerera. Ankayamba ndi kumudula munthu kumuchotsa pamene waima, kaya ndi pakhoma la ming'alu kaya pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, zakumbuyozo n'kutaya. Akatero ankafinya kuwala ndi mdima mpaka nkhope itatsala zigamba zitatu zokha, powala, pakatikati ndi pamthunzi. Ziphuphu, makwinya, zipsera, zonse zinkamira mmenemo. Ndiyeno chigamba chilichonse ankachithira mtundu umene mtima wawo wafuna: tsitsi lachikasu, masaya a pinki, zikope za buluu, milomo yofiira psuu, kumbuyo timadontho ngati nsalu ya diresi. Pomaliza nkhope imodzimodziyo ankaibwereza kanayi papepala limodzi, paliponse makaka ake. Dzina lija linachokera pamenepo.

Anali ndi diso mayi aja. Ankadziwa kuti wakuda bii akufuna lalanje pambali pake, wamphumi yaikulu umutsitsire mthunzi. Atsikana a kukoleji, oyendetsa mabasi, ngakhale abusa ena, onse ankabwera kudzapakidwa.

"A Telala," ankandiuza, "inu mumabisa mimba za anthu ndi jekete, ine ndimabisa ziphuphu ndi inki. Tonse tikayankha mlandu umodzi."

Zinthu zitangoyamba kuyenda, Injiniya anabwerako kusukulu pakati pa temu, ali m'chaka chake chomaliza. Sankagona. Ankaima pafupi ndi soketi n'kumamvetsera, nthawi zina n'kuiyankha. Pakamwa pa anthu sipachedwa: ena ankati ndi chamba, ena kuwerenga kwambiri, ena ankaloza abale a bambo ake. A Makaka anamutengera kuchipatala. Anakagonako, anatuluka ndi mapilisi. Mapilisiwo anamukhazika mtima pansi, koma anamusintha. Ananenepa, masaya anatupa, kuyenda kunachedwa. Lumo sankalifuna, ndevu zinadzaza. Amene anamudziwa ali mnyamata akanamudutsa panjira osamupatsa moni.

Chimene sichinachoke ndi mantha a kamera. Mwana wa wojambula, wokulira mu studiyo, munthu akangokweza foni iye ankabisa nkhope ndi mkono. Ankati zithunzi zimatumizidwa kwa anthu amene akumuwerengera mayendedwe. Anasonkhanitsa zithunzi zake zonse za kusekondale ndi kukoleji n'kuzing'amba. Mu foni ya Mzime anafufutamo mmene munali iye. Chiphaso chake anachipala nkhope ndi msomali. Masana ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nsalu yaikulu yojambulirapo, kukonza maayironi ndi maketulo amene anthu ankasiya, ndipo ankakonza bwino. Kasitomala akalowa, iye ankakhala chete mpaka atuluke.

Panali tsiku limodzi labwino, patapita zaka akudwala. Kunali mvula yowaza, kunalibe makasitomala. Ndinamva akutuluka kuseri kuja n'kudzaima kumbuyo kwa mayi ake.

"Amayi, anthu mumawapakawa, ena akawaona amawadziwa?"

"Abale awo amawadziwa."

"Nanga osawadziwa?"

"Osawadziwa amangoona makaka."

Kenaka anati, "Ndiye ndijambuleni. Koma chenichenicho mufufute ine ndikuona."

A Makaka anandiitana kuti ndidzagwire nyali. Anamujambula kamodzi kokha. Anakhala naye pa kompyuta, iye akusankha yekha mitundu: apa nkhope yobiriwira ndevu zofiirira, apa yachikasu, apa ya buluu, apa yofiira. Anaseka tsiku limenelo, kuseka kwenikweni kumene tinali titakuiwala. Atamaliza anaonetsetsa kuti chithunzi choyambacho chafufutidwa mu kamera, mu kompyuta, ndi m'bini momwe. Ankadziwa ponse pamene zinthu zimabisala. Mayi ake sanamunyenge. Chamakakacho anachiika mu felemu n'kuchiimika pawindo, ndipo chinakoka anthu kuposa zitsanzo zonse. Ankabwera n'kunena kuti, "Mundipange ngati wandevu uyo," osadziwa kuti wandevuyo ali kuseri kwa nsalu akumangirira waya.

Tsiku limene anasowa linali lokatenga mankhwala. Anali atazolowera kupita yekha, ndipo a dokotala ankati n'zabwino atero. Anavala malaya a khaki amene ndinamusokera. Podutsa pakhomo panga anati, "A Telala, ayironi yanu ija ndimaliza ndikabwerako." Dzuwa litapendeka mayi ake anayamba kutulukatuluka pakhonde. Anaimbira kuchipatala, anawauza kuti sanafikeko. Foni iye analibe, sankaifuna.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kupolisi. Wapolisi wa pakauntala anafunsa dzina, msinkhu, zovala, kenaka anati, "Chithunzi chake?"

A Makaka anatulutsa cha ali ku pulayimale, kamnyamata kowonda ka mano otuluka.

"Mwati ndi bambo wa ndevu. Cha posachedwa mulibe?"

Anazengereza, kenaka anatulutsa m'chikwama felemu ija. Wapolisiyo anaiyang'ana, n'kuitana mnzake.

"Mayi, munthu wobiriwira tikamupeza kuti ife? Kapena tifune wachikasuyu?"

Mnzakeyo anaseka, koma ataona nkhope ya mayiwo analeka. Anati, "Pepani mayi. Inu si ndinu ojambula? Kabwezeretseni mmene chinalili, mubwere nacho."

Titafika a Makaka anatseka chitseko cha studiyo, n'kuyatsa kompyuta. Ine makina anga sindinawapalase tsiku limenelo. Madzulo anandiitana.

Kubwezeretsa kunalibe. Anandifotokozera ngati akufotokozera kasitomala, mawu ali phee. Pofinya kuwala paja, zimene zatayika zatayika. Akachotsa mtundu wobiriwira pankatsala chigamba chotuwa chopanda kanthu. Chipsera cha pachikope, chimene anadzicheka ndi lata ali mwana, munalibe. Mphuno inali mthunzi wa mbali imodzi basi. Ndiye anayamba kumanga nkhope pamwamba pa zigambazo. Khungu anatenga pa chithunzi cha Mzime, mphumi pa cha malemu bambo ake, maso pa cha ku pulayimale chija n'kuwakuza. Mzime anabwera kuchokera kumene anakwatiwa, anaima kumbuyo kwawo.

"Amayi, achimwene milomo si yotero."

"Ndiyotani?"

"Kaya. Koma si yotero."

Anakonza, anafufuta, anakonzanso. Chimene chinatuluka mu pulinta chinali chithunzi cha munthu wooneka bwinobwino, wandevu, wamasaya, woti ukamuyang'ana umati ndinamuonapo penapake. Sanali Injiniya. Tonse atatu tinadziwa, koma panalibe china. Anasindikiza mulu wa mapepala, pansi nambala ya foni, ndipo tinamata m'madepoti, m'zipata za zipatala, pamitengo ya magetsi.

Foni inayamba kulira. Wina wamuona pamsika wa uko, wina pansi pa mlatho, wina m'basi yopita kumalire. Konseko a Makaka ankapita. Ankatseka studiyo, kundisiyira kiyi, kubwerako nsapato zili mbuu, n'kungopukusa mutu podutsa pakhomo panga. Ena ankaimba kuti aseke. Wina anawauza kuti mwana wawo ali naye, koma ayambe amutumizira kenakake. Atafunsa kuti chipsera chili diso liti, foni inadulidwa. Kumotchale anaitanidwako kangapo. Ulendo woyamba ndinapita nawo. Ogwira ntchito kumeneko anatsegula kabati yachitsulo, mayiwo anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira, n'kuti, "Si iyeyu." Titatuluka anasanza m'ngalande. Maulendo enawo anandikaniza, ankapita okha.

Mlamu wawo, mkulu wa malemu amuna awo, anabwera tsiku lina n'kuima pakhonde kuti aliyense amve.

"Mlamu, nyumba yodzaza makamera, mwana wanu yemwe mulibe chithunzi chake? Munali otanganidwa ndi kupaka anthu milomo?"

A Makaka anati, "Kamera yaikulu ija munatenga ndinu, alamu. Mukanabwera kudzamujambula."

Anachoka osatsanzika, ndipo sanabwerenso.

Miyezi itapita, m'mawa wina kunaima galimoto ya mchenga kutsogolo kwa khonde lathu. Dalaivala anatsika ndi pepala lathu lija m'manja, n'kutsitsa munthu kumbuyo. Anati wamupeza akugona pafupi ndi pokumba mchenga, anthu akumuponyera zotsala. Ndinatuluka kukaona. Munthuyo anali wandevu, wamasaya otupa, wopanda nsapato, ndipo ankafanana ndi wa papepalayo ngati ndiye anakhala pampando pojambulidwa. A Makaka anatuluka, anamuyang'ana kamodzi, mapewa n'kugwa.

"Si mwana wanga."

Dalaivalayo anakwiya pang'ono. "Mayi, taonani bwino. Si uyu apa? Mphuno yomweyi, maso omwewa."

"Ndikuona, bambo. Wa papepalayo ndi iyeyu. Koma mwana wanga si ameneyu."

Dalaivala anati mchenga ukudikira, sangabwerere naye. Anakwera n'kumapita, munthu uja n'kutsala ataima pakhonde, akuyang'ana mapazi ake. Wometa anati timuperekeze kupolisi. A Makaka anati ayambe wadya. Anamulowetsa, anamupatsa tiyi ndi buledi, anamutengera madzi kuseri kuti asambe. Ine ndinapereka buluku limene mwini wake sanabwere kudzatenga. Dzina sankalidziwa, kwawo sankakudziwa, ankangoti "zikomo akulu" kwa aliyense. Mayiwo anamukhazika pampando, anayatsa nyali zonse, anamujambula kutsogolo ndi m'mbali, pafupi kwambiri moti dzino lobenthuka ndi kadontho ka pakhutu zinkaoneka. Sanakonzepo kalikonse. Anasindikiza, n'kulemba pansi kuti amene akumudziwa munthuyu aimbe. Kenaka anamuperekeza kuchipatala chimene Injiniya ankatengako mankhwala, ndipo ankapita kukamuona.

Sipanapite nthawi yaitali, kunabwera mayi wina wachikulire ndi ana ake aamuna. Anali mchemwali wake wa munthu uja. Anali atamusowa kwa zaka, ndipo kwawo anali atalira kale maliro. Anagwada pasimenti ya studiyo, akugwira miyendo ya a Makaka, akulira. A Makaka anamudzutsa, anawalongosolera njira ya kuchipatala, anawaperekeza mpaka pamsewu. Atabwerako anatseka chitseko. Pakhoma paja sindinamve kulira. Ndinangomva mpando ukukokedwa, kenaka zii mpaka nthawi yoweruka.

Mbiri ya zimenezo inayenda, ndipo anthu osowa abale anayamba kubwera ndi tizithunzi tosaoneka bwino kuti awawalitsire. Ankawathandiza. Zamakaka sanasiye, poti ndiye zinkawadyetsa, koma nthabwala zija zinatha. Kasitomala ankalowa, iwo n'kufunsa mitundu, kupaka, kusindikiza, basi. Thupi linatsika. Madiresi awo onse ndinawabweza m'chiuno.

Chimene chinkawadya kwambiri anandiuza tsiku lina masana, ndikudya pakhonde. Anabwera ndi pepala lija, lomwe tsopano linali litasuluka ndi dzuwa.

"A Telala, inu Injiniya munkamuona tsiku ndi tsiku. Mphuno yake inali yotani?"

Mapewa ake ndinkawadziwa, lamanzere linali lotsika. Khosi, mikono yaitali yovuta kuisokera malaya, zonsezo manja anga ankazikumbukira. Koma nkhope, ndikati ndiiganize, inkabwera ya papepalayo.

"Inenso ndi chimodzimodzi," iwo anatero. "Ndaiyang'anitsa nkhope yopangayi. Ndikatseka maso kukubwera iyeyu, kapena wobiriwira uja. Ndikumuona ali khanda, ndikumuona akupita kusukulu. Koma wa tsiku lomaliza uja sakubwera. Mwana ndinabereka ndekha."

Ndinati akadzabwera adzamudziwa, mayi salephera mwana wake. Anandiyang'ana ngati ndawauza mtengo wabodza wa nsalu, n'kubwerera mkati.

Mzime anayesetsa kuti asamukire kwa iye. Ankakana. Ankati nyumba ya lendi imene ankagona atha kuisiya, koma studiyo ayi, chifukwa Injiniya mutu ukadzamubwerera khomo limene adzalikumbuke ndi limenelo. Koma nyumba yaitali ija mwini wake anaigulitsa, ndipo wogulayo anatipatsa nthawi yoti tichoke. Wometa anapita kwawo. Ine ndinapeza kachipinda kuseri kwa depoti. A Makaka anapempha kuti awasiyire ngakhale pakona, anawakana. Nyumbayo anaigwetsa, pamalopo anamangapo sitolo yaikulu ya matayala ndi mabatire. Kompyuta inapita kwa Mzime, ndipo ndikumva kuti adzukulu ndi amene amaseweretsa.

Injiniya sanapezeke, wamoyo kapena wakufa. Apolisi amene ankadziwa nkhaniyo anasamutsidwa, atsopano ukawafunsa amayamba ndi kufunsa dzina.

A Makaka tsopano amakhala kwa Mzime, kutali ndithu, kokwera mabasi awiri. Miyendo inayamba kuwavuta. Komabe masiku ena m'mawa amabwera, n'kukhala pa kakhoma ka tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi sitolo ya matayala. Mlonda wa pamenepo anawazolowera, amawatulutsira mpando wapulasitiki. Mwezi wathawu ndinadutsako popita kukagula ulusi, ndinawapeza atakhala, ambulera ili pamiyendo. Tinapatsana moni, anafunsa za ana, ndinafunsa za miyendo. Tikucheza maso awo sanali pa ine, ankatsatira mwamuna aliyense wamtali wodutsa mumsewu mpaka atakhota.

"Mukhalitsa, mayi?" ndinafunsa.

"Pang'ono. Mzime amakalipa ndikachedwa, akuti ndimamudetsa nkhawa." Anasuntha mpando kuthawa dzuwa. "Pitani, a Telala, angakutsekereni sitolo."

Ndinapita kukagula ulusi uja. Pobwerera ndinadzera njira ina.